Dziwe Lofiira Pakona ya Butchala Yakale

Mtembo anaupeza Lolemba m'mawa, m'chipinda chakumbuyo cha chinyumba chakale chija cha pamphambano. Nyumba imeneyi yasintha mitundu kuposa bilimankhwe: inali butchala, kenako vidiyo sho, kenako tchalitchi, pano saluni. Mwini wake, yemwe aliyense ankangoti Landilodi, anali chagada pa simenti, khosi lotseguka kuchokera khutu ili kukafika ilo.

Wapolisi wofufuza, mkulu wadazi yemwe anzake amamutcha Kadzidzi poti saphethira, ananjuta n'kuyang'ana. Wakuphayo anayesa kutsuka pansi. Koma m'malo mokankhira madzi kukhomo, onse anawakankhira pakona, pomwe anangodikha, dziwe lofiira, ntchentche zili paphwando.

Kupolisi anayamba ndi wometa wa mu saluniyo.

"Malezala onsewa ndi ako?"

"Bwana, ine ndikacheka kachiphuphu ka kasitomala, wokomoka ndimakhala ine."

Anamuonetsa chithunzi cha mtembo. Wometa anasanzira nsapato za Kadzidzi. Anamumasula.

Kenako abusa, omwe Landilodi anawatulutsa ndi mabenchi awo omwe chaka chatha.

"Munamutemberera pagulu, abusa."

"Ndinati adzaona. Sindinatchule deti."

"Pakona paja pali chiyani?"

"Panali bowo lotayira madzi a butchala. Makoswe ankatulukira pamenepo ulaliki uli mkati, azimayi n'kumakwera mabenchi, ine kumayesa mzimu watsika. Ndinamata ndekha ndi simenti."

Kadzidzi anakanda dazi. Manja amene anatsuka magaziwo ankakumbukira butchala.

Masana anapita pasiwa. Mkulu wake wa malemu, wongobwera kumene kuchokera kunja, ankalira kuposa wamasiye.

"Pepani akulu. Nyumba ija munalowamo liti komaliza?"

"Bambo athu akadali moyo. Chibwerereni sindinapondemo, mtima sukulola."

"Tiyeni mukandithandize kulozera katundu wa mng'ono wanu."

Atafika, Kadzidzi anachita ngati wapunthwa, ndowa ya madzi gubudu pansi. Anatukwana, anatola tsache, n'kuyamba kukankhira madziwo pakona paja, pa dziwe lomwe lija.

"Bwana, kankhirani kukhomo," anatero mkuluyo. "Bowolo anatseka."

Tsache linaima.

"Anatseka? Simentiyo ili pansi pa magazi, ine ndemwe sindikuiona. Mwaiona liti inu osapondamo?"

Mkuluyo anayang'ana khomo. Kadzidzi anali ataima kale pamenepo. Mkuluyo anayesa kudutsa ndi mutu, koma bondo la Kadzidzi linamupeza m'mimba, nkhope n'kukapsompsona simenti. Dzino linagubuduka mpaka pansi pa mpando wometera. Unyolo unalira.

"Yankhulani, akulu."

Analavula magazi.

"Pansi apa ndatsukapo kuyambira ndisanamere mano achikulu. Khoma ili anamanga ndi bambo, ine ndikuwapatsira njerwa. Ndabwera kuti nditsegulenso butchala yawo, mwana uja akundiuza kuti wagulitsa, Lachisanu kukubwera katapila kudzagumula, amangepo pomwetsera mafuta. Ndinamugwadira, ine mkulu wake. Iye kuseka. Akuti nyumbayi ikununkhabe matumbo ngati mwini wake wakale."

"Ndiye?"

"Ndinamugwira chibwano n'kukweza m'mwamba. Mmene ankachitira bambo ndi mbuzi. Sanavutike."

"Anaphupha mpaka kuthyola chikhadabo pa simenti," anatero Kadzidzi. "Mpeni uli kuti?"

Mkuluyo analoza ndi mutu kuseri kwa chitseko.

"Ndinautsuka, ndinaunola, ndinaupachika pa msomali wa bambo. Onse adutsamo muno, palibe anauzula msomaliwo."