Mankhwala Othokozedwa

Pakhomo la kafiteriya ya Yunivesite ya Mpatamanga, Fatsani anaima ngati munthu woti waiwala kumene amapita. Sanatseke khomo lonse ayi, anangosiya mpata wochepa woti munthu adutse cham'mbali. Inali nthawi ya nkhomaliro ndipo ophunzira ankabwera mwaunyinji, njala ili m'maso.

"Zikomo," anatero mtsikana wina pofuna kudutsa.

Kabatani kamene kanali pachifuwa pa Fatsani kanaphethira kuwala kobiriwira.

"Zikomo achimwene, tidutse nawo."

Kanaphethiranso.

Dzina lenileni la kabataniko linali Kamvamtima. M'chaka cha 2074 aliyense wa m'Gulu la Nyenyezi, gulu la ophunzira okhoza bwino koposa, ankavala kake. Lamulo la gululi linali lakalekale: wanzeru azithandiza anthu mongodzipereka. Kale ankalemba maola papepala, koma ophunzira ankanama. Choncho akatswiri anapanga kachipangizo komvetsera wothandizidwayo. Munthu akati "zikomo", kabatani kankawerenga, ndipo nambala inkakwera pachipupa chagalasi cha ku laibulale pomwe panali mayina onse. Wosafika mazikomo handiredi pakutha pa teremu ankachotsedwa m'gululo.

Ndaziona, mnzake wa Fatsani wa m'chaka chachitatu, anafika pakhomopo nsapato zili fumbi lokhalokha. Anamukankha ndi phewa osanena kanthu.

"Aaa, sisi! Ngakhale ka zikomo kamodzi?"

"Choka apa, iwe. Imeneyi ndiye ntchito yothandiza anthu?"

"Inalembedwa bwinobwino. Wolandira anthu pakhomo. Mlangizi anavomereza yekha." Fatsani anapukuta kabatani kake ndi chala. "Ndili pa 412. Iwe uli pangati?"

Onse awiri ankadziwa kuti Ndaziona anali pa sikisi, ndipo teremu inatsala ndi sabata imodzi. Kalasi ya udokotala inkatenga a m'Gulu la Nyenyezi okhaokha. Bambo ake, omwe ankakhoma zidebe ku Lunzu, anali atauza kale msika wonse kuti mwana wawo akhala dokotala.

Chomuwawa Ndaziona chinali chakuti iye ankagwiradi ntchito. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankawoloka mtsinje kupita kwa Chapita pamodzi ndi Mtengamankhwala, loboti ya miyendo inayi yonyamula mankhwala, imene anthu a m'mudzimo ankangoitcha Bulu. Kumeneko kunali odwala 32 a chifuwa chachikulu cha mtundu watsopano, chimene mankhwala ake safuna kudumphitsa. Bulu ankadziwa nyumba iliyonse. Ankafika pakhonde, kugwada, kutsegula kabokosi ka pamsana pake. Koma Bulu sankatha kunyengerera munthu wotopa ndi mapilisi kuti ameze. Imeneyo inali ntchito ya Ndaziona: kukhala pansi, kucheza, kudikira, kuona mmero ukugwedezeka, kenako kusiya mapilisi a mawa lake atakulungidwa m'kapepala.

Atadya, Ndaziona anapita kuchipinda cha Mlangizi. Munali mpando umodzi ndi mawu basi. Mlangizi womaliza waumunthu anapuma pantchito zaka khumi m'mbuyomo, ndipo makina omwe analowa m'malo mwake ankalangiza ophunzira zikwi zinayi nthawi imodzi, osatopa, osakwiya.

"Takulandirani, a Ndaziona. Nambala yanu ikudetsa nkhawa."

"Ndabwera kachitatu tsopano. Ndikuti kabatani kanga kamayaka Bulu akatsegula kabokosi, n'kuzima akatseka."

"Ndi zoona. Imeneyo ndiyo nthawi ya ntchito yomwe munalembetsa."

"Ndiye nthawi imeneyoyo ndi imene anthu sangathokoze! Kwa Chapita amakhulupirira kuti ukathokoza mankhwala, mphamvu yake imachoka. Amalandira ndi manja awiri, pakamwa ali tsekee. Bulu akangotseka kabokosi, ndiye amayamba: zikomo potiyendera, zikomo mwanangu, muyende bwino. Dzulo anandipatsa maungu awiri."

"Maungu sawerengedwa."

"Ndikudziwa kuti sawerengedwa!"

"Sikisi amene muli nawowo anachokera kuti?"

Ndaziona anagwira mutu. "Kwa anthu ofuna kuti Bulu awapatuke panjira kabokosi kali kotsegula."

"Malangizo anga ndi awa: teremu ya mawa musankhe ntchito imene anthu amayamika. Kuchokera pa zomwe ndaona, pakhomo la kafiteriya pali mwayi."

"Teremu ya mawa ndidzakhala nditachotsedwa."

"Ndi zoona. Pali china chimene ndingakuthandizeni?"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko, koma chitsekocho chinali chodzitsekera chokha pang'onopang'ono, moti ngakhale mkwiyo wake sunamveke.

Lolemba m'mawa nyumba yoyamba inali ya a Likongwe, bambo wachikulire yemwe anali telala pa nthawi yake. Makina awo osokera anali akadali pakhonde, atawafunditsa chitenje. Miyezi itatu m'mbuyomo Ndaziona anawapeza ali gone, nthiti zikuwerengeka, akutukwana Bulu kuti achoke pakhomo pawo. Tsopano ankakhala pampando n'kumalamulira nkhuku.

"Afika adokotala athu ndi bulu wawo," anatero. "Nanga nkhope yagwa bwanji lero? Mwamuna wakukana?"

"Agogo, musayambe."

Bulu anagwada, kabokosi kanatseguka, kabatani kanayaka. Ndaziona anatenga mapilisi awiri koma sanapereke msanga. Anawayang'ana m'dzanja lake.

"Agogo, ndikupempheni chinthu. Polandira mungonena kuti zikomo."

A Likongwe anabweza manja awo. "Ndakulakwira chiyani, mwana iwe?"

"Si choncho. Ndi mawu chabe."

"Mawu chabe! Mayi anga anandiuza ndili ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Wochiritsa umam'thokoza utachira, osati mankhwala ali m'manja. Ukufuna ndibwerere pamphasa?"

Pamenepo zonse zimene Ndaziona anasunga kwa milungu khumi ndi umodzi zinatuluka. Anawauza za chipupa chagalasi, za Fatsani woima pakhomo, za mazikomo handiredi, za kalasi ya udokotala, za bambo ake ndi zidebe zawo. Ankalankhula mokweza moti nkhuku zinathawa.

"Ndimayenda ulendo wa maola awiri, ndimaphonya chakudya, ndimakhala pano mpaka mutameza. Mnzanga amangotsekereza khomo ndipo ndiye woyamba. Lachisanu akandichotsa, Bulu azibwera yekha. Mudzaona ngati iyeyo adzakudikirani!"

Atatha anachita manyazi. A Likongwe anayang'ana kabatani kaja.

"Kameneka ndiye kamamva?"

"Eya."

"Ndipo akufunika angati?"

"Nainte folo. Iwalani, agogo. Ndalankhula mopusa."

Mkuluyo anawerenga ndi zala, milomo ikugwedezeka, monga ankachitira poyeza nsalu. Kenako anatambasula manja awiri.

"Zikomo," anatero momveka bwino.

Kabatani kanaphethira. Iwo anaika mapilisi m'kamwa, n'kumwera madzi, n'kuitana mayi woyandikana nawo. Ananong'onezana kanthawi, mayiyo n'kuthamanga kudutsa m'munda wa chinangwa. Ndaziona pofika panyumba yachiwiri, gogo wa pamenepo anali atakonzeka kale.

"Zikomo, mwanangu."

Yachitatu chimodzimodzi. Tsiku limenelo anatola 32. Lachitatu enanso 32. Lachisanu masana dzina lake pachipupa cha ku laibulale linasanduka lobiriwira, pambali pake pali 102. Fatsani anamunyamula m'mwamba pamaso pa anthu.

"Ndinakuuza! Nkhani yake ndi kudziwa poima basi."

Kalata yomulandira m'kalasi ya udokotala inafika madzulo omwewo. Bambo ake pafoni anangoti, "Mwana wanga, mwana wanga," kumbuyo kukumveka anzawo akumenya zidebe mokondwera.

Ophunzira anatsekera sabata ziwiri, ndipo Bulu ankapita yekha. Ndaziona atabwerera, anamva chifuwa asanafike n'komwe pakhonde. Chinali chifuwa chija chakuya, chokoka, chimene ankaganiza kuti anathana nacho. A Likongwe anali pamphasa, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo.

"Agogo! Chachitika n'chiyani? Bulu samabwera?"

"Amabwera. Sanajombepo."

"Nanga mankhwala?"

Mkuluyo analoza ku makina osokera. Ndaziona anavundukula chitenje, n'kutsegula kadirowa kosungira ulusi. Munali mapilisi okhaokha, ena ouma, ena ooneka kuti anayamba alowa m'kamwa n'kulavulidwa.

"Kuyambira Lolemba lija," anatero a Likongwe. "Ndinkawabisa kutsaya, iwe ukatembenuka ndalavula. Sindinafune kukukhumudwitsa."

"Chifukwa chiyani?"

"Tinawathokoza. Katatu konse. Munthu ungamamwe chinthu chakufa?"

"Nanga amene Bulu wabweretsa pambuyo pake?"

"Ndi omwewo, a m'kabokosi komweko. Zikomo wathu sanabwerere. Ali uko, pachipupa chanu."

Ndaziona anakhala pansi padothi. "Ndi inu nokha?"

"Tonse. Tinagwirizana."

"Anthu 32! Agogo, mukudziwa kuti matendawa ukadumphitsa amabwera ndi ukali? Mumadziwa, ndinakuuzani kambirimbiri!"

"Tinkadziwa."

"Ndiye munaloleranji?"

A Likongwe anatsokomola mpaka misozi. Atapezako mpweya anati, "Ife takalamba, mwana iwe. Tinati dokotala mmodzi wodziwa kudikira munthu kuti ameze, ameneyo sapezeka chaka chilichonse. Tikanakuuza, ukanalola?"

Ndaziona anafuna kukuwa. Anafuna kugenda Bulu, kugenda kabatani, kudzigenda yekha. Ankawerenga mabuku a mankhwala usana wonse, koma sanadzifunse n'komwe chimene mawu aja anawatengera anthuwa.

"Agogo, tamverani. Mankhwala alibe makutu. Sangamve kuti mwawathokoza."

"Kabatani kakoko kali ndi makutu?"

"Ayi, koma..."

"Koma kamamva. Ndipo inu ophunzira nonse mumakaopa. Ndiye usandiuze za makutu."

Ndaziona anayesa kufotokoza za tizilombo toyambitsa matenda, za magazi, za mmene pilisi limasungunukira m'mimba. Mkuluyo anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, manja ali m'bulangete. Anthu ena odwala anayamba kufika mmodzimmodzi n'kukhala pansi pa mtengo wa bwemba, ena akutsokomola. Palibe amene ankamuyang'ana mwaukali. Zimenezo ndizo zinamupweteka kwambiri.

Pomaliza anafunsa, "Zikomo wanuyo atabwerera, mungamwe?"

"Angabwerere bwanji?"

Ndaziona anadina kabatani kawiri, momwe ankaitanira Mlangizi akakhala kutali.

"Takulandirani, a Ndaziona. Tikukufunirani zabwino zonse m'kalasi ya udokotala."

"Mlangizi, kodi mazikomo angabwezedwe kwa eni ake?"

"Palibe amene anafunsapo zimenezo. Angafafanizidwe, mwini nambala akapempha."

"Ndikupempha. Onse a kwa Chapita a sabata yomaliza ya teremu."

"Ndikuyenera kukuchenjezani. Mutsala ndi sikisi. Muchotsedwa m'Gulu la Nyenyezi, ndipo malo anu a udokotala aperekedwa kwa wotsatira."

"Wotsatira ndi ndani?"

"A Fatsani."

Ndaziona anaseka kuseka kowawa, kopanda chimwemwe. Anaganiza za bambo ake, za zidebe zija zikulira mu foni, za mmene akawauzire. Anaganizanso za chaka china chathunthu chodikira kuti ayesenso, ngati angamulole.

"Malangizo anga ndi akuti musatero," anatero Mlangizi.

"Malangizo anu ndawamva. Fafanizani. Koma muzitchula dzina la munthu aliyense mokweza, amve."

"Zimenezo zitenga nthawi."

"Ndinazolowera kudikira."

Mawu a Mlangizi anayamba, osalala monga mwa nthawi zonse. "A Likongwe, zikomo wa Lolemba wafafanizidwa. A Likongwe, zikomo wa Lachitatu wafafanizidwa." Pansi pa bwemba panali zii. Munthu akamva dzina lake ankatambasula manja awiri, ngati akulandira chinthu chooneka, n'kuwaika pachifuwa. Kuwala kwa kabatani kunkachepa pang'onopang'ono. Pofika dzina lomaliza kanali kotuwa ngati batani wamba wa pa malaya akale.

"Mwatsala ndi sikisi. Pali china chimene ndingakuthandizeni?"

"Palibe."

Bulu anagwada. Kabokosi kanatseguka. Ndaziona anatenga mapilisi awiri, n'kugwada pafupi ndi mphasa. A Likongwe anadzuka movutikira. Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira, milomo ikufuna kunena chinachake. Kenako anaitseka mwamphamvu, n'kulandira ndi manja awiri.

Anameza. Anatsegula pakamwa, n'kutukula lilime kuti mtsikanayo aone yekha kuti kutsaya kulibe kanthu.

Pansi pa bwemba anthu anayamba kufola, aliyense pakamwa ali tsekee. Ndaziona anapukuta maso ndi mkono n'kutenga kapu ya madzi. M'chaka chonse chimenecho palibe munthu anamuthokozapo mokweza ngati mmene anthu a kwa Chapita anakhalira chete tsiku limenelo, ndipo panalibe makina oti amve.