Khutu Lakumanzere la Wendell Tackett

Madzulo amenewo Wendell Tackett anadya nyemba ndi nyama yowotcha kulesitilanti ya mayi Earline, monga ankachitira masiku onse. Mayiwo anamunena kuti asiye kunamizira kugontha pofuna kuzemba nkhani zawo. Wendell anaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha.

Ntchito yake inali kupanga maikolofoni ndi manja, m'kanyumba kanjerwa kumwera kwa Memphis. Sankapanga zambiri. Iliyonse ankaikungira yekha kachikopa kake kopyapyala kopaka golide, n'kuimvetsera mpaka mtima utakhazikika. Oimba ankalolera kudikira. Koma chaka chimenecho khutu lake lakumanzere linafa, ndipo adokotala anati silidzadzukanso. Mumtima anali atatsimikiza kuti maikolofoni inali patebulo ndiyo yomaliza.

Anabwerera kuntchito mvula itayamba. Analumikiza mawaya otsala, n'kukaimika maikolofoniyo m'chipinda choyesera mawu, chamakoma okutidwa ndi nsalu zochindikala. Munali zii.

Kenako kunamveka kugogoda.

Sikunali kukhomo la kumsewu. Kunali pachitseko chakumbuyo, choyang'ana njanji, chimene chinachita dzimbiri chifukwa chosatsegulidwa. Wendell anaima chilili, akuganiza kuti khutu likumunamiza. Kugogoda kunabweranso, kwaulemu, ngati kwa munthu wozolowera kubwezedwa.

Atatsegula anapeza mwamuna wamtali, wovala suti yakale yotuwa, chipewa chili m'manja. Mvula inkagwa ndithu, koma mapewa ake anali ouma. Nsapato zake zinali ndi matope ofiira, matope osapezeka mumzinda.

"Bambo, anandiuza kuti ndibwere mawa," anatero mlendoyo. "Kodi mawa lija lakwana?"

Wendell anafuna kumuuza kuti pamenepo sajambulapo nyimbo, iye amangopanga zipangizo. Koma anangomupatukira kuti alowe. Munthuyo sanafunse njira, analunjika kuchipinda choyesera ngati nyumbayo akuidziwa. Matabwa apansi, amene ankalira ngakhale pakadutsa mphaka, sanalire.

Wendell anavala mahedifoni, zomvera za m'makutu, n'kuyatsa makina ojambulira. Munthu akaima pafupi ndi maikolofoni yabwino, umamva kupuma kwake, kumeza malovu, ngakhale kukhuzana kwa malaya. Apa panalibe chilichonse. Kasingano koonetsa kukwera kwa mawu kanangogona.

Ndiye mlendoyo anayamba kuimba.

Inali nyimbo ya munthu wotsanzika kwawo, wouza mlongo wake kuti asalire, minda ya thonje sidzamudya iye. Mawu ake anali akuya, osasa pang'ono akakwera. Kasingano kaja kanadzuka. Nyimbo ili pakati, Wendell anazindikira kuti akuimva mbali zonse ziwiri. Anasuntha chomvera chakumanja, n'kutseka khutulo ndi chala. Nyimbo inapitirira, yomveka bwinobwino, m'khutu lakufa lija. Misozi inangotsika yokha.

Atamaliza, munthuyo anafunsa chapansipansi ngati yalowa.

"Yalowa, achimwene," anayankha Wendell. "Yonse yalowa."

"Basi. Ndikapume tsopano."

Wendell anawerama kuti azimitse makina. Poweramuka, m'chipindamo munalibe munthu. Chitseko chakumbuyo chinali chotseka, chokhoma cham'kati.

Tulo sitinabwere. Kutacha anathamangira kwa mayi Earline ndi zimene anajambulazo, akuopa kuti mwina mulibe kanthu ndipo misala yamuyamba. Koma nyimbo inalimo. Mayiwo anaiwala mazira pamoto mpaka anapserera. Mdala wina wokonda kukhala pakona, a Cleophus, anaika kapu ya khofi pansi pang'onopang'ono. Anati iwo ali mwana, kanyumba ka Wendell kanali situdiyo yojambulira nyimbo ya mzungu wina. Kunabwera mnyamata wakuda wosauka kuchokera ku Mississippi kuti adzamujambule. Mwini malo ankamubwezera pakhomo lakumbuyo tsiku ndi tsiku, kumuuza kuti abwere mawa. M'mawa wina wa chisanu anamupeza atauma m'mbali mwa njanji. Dzina lake panalibe amene analifunsa.

Nkhani inayenda monong'onezana. Ena ankati Wendell wapeka kuti malonda ayende. Ena anasiya kudutsa kuseri kwa kanyumbako kukada. Adokotala anayeza khutu lija, n'kuyezanso, kenako anangopukusa mutu modabwa, poti khutulo linali litadzuka. Sabata yomweyo Wendell anayamba kupanga maikolofoni ina.

Nyimboyo anaipereka kukawailesi ka m'deralo. Itaulutsidwa Lamlungu, mayi wina wokalamba wa ku Clarksdale, ku Mississippi, anaimba foni kuwailesiko. Anati malemu amayi ake ankaimba nyimbo imeneyo akamatsuka mbale, ndipo ankati woipeka anali mlongo wawo, amene anapita ku Memphis osabwerako.

Woulutsa mawu anamufunsa dzina la malume akewo.

"Ezell," anatero mayiyo. "Ezell Fairley. Chonde mulitchule pawailesipo, anthu alimve."