Wopukusa Wotchi ya Malsun

Madzulo amenewo Malsun anadya yekha mpunga ndi kabichi wowawasa, nayala zogonera pansi. Mphepo yochokera kudoko la Tongyong inkagwedeza chitseko cha pepala. Mwamuna wake Dokbae anali atamwalira m'chisanu chapitacho, ndipo nyumba inali zii.

Zala za mayiyu zinali zopindika, chifukwa moyo wake wonse anathera kusegula nkhono za m'nyanja m'madzi ozizira. Kamutu kopukusira wotchi yake ya ukwati sankatha kukagwira. Choncho usiku uliwonse Dokbae ankamugwira mkono n'kuipukusa ili pomwepo, pang'onopang'ono, mpaka kamutuko katalimba. Bamboyu anali wouma pakamwa ngati chitsa. Mawu okoma sanatchulepo ngakhale limodzi. Chikondi chake chonse chinali pamkono pamenepo.

Chaka china, Dokbae akadali moyo, mwana wawo Yongchol anabwera kuchokera ku Saudi, komwe ankamanga misewu, atanyamula wotchi ya batire.

"Iyi siifuna munthu, amayi. Abambo apumeko."

Nanga mphatso ya mwana n'kuikana? Malsun anaivala, yakale ija n'kuiponya m'bokosi la zovala. Usiku womwewo Dokbae anatambasula dzanja mwa chizolowezi, anaona manambala akuphethira, n'kulibweza. Sanadandaule. Mpaka tsiku la imfa yake sanaugwirenso mkono uja, ndipo chimenechi chinkamudya Malsun mumtima.

Tsono madzulo amenewa atazimitsa nyali anamva kaphokoso. Che, che, che. Kankachokera m'bokosi. Anapisa dzanja pansi pa zovala, napeza wotchi yakale ija ikuyenda bwinobwino. Aliyense amadziwa kuti wotchi yopukusa siitha masiku awiri osaigwira. Iyi inali itagona zaka. Malsun anachezera usiku wonse ndi mantha.

Mawa lake mantha anachepa, chifundo n'kukula. Anavula ya batire, anavala yakale, ndipo pogona anasiya mkono kunja kwa bulangete.

Anadikira. Geti linalira. Nsapato za labala zinakwakwaza pabwalo, n'kuima pamwala wovulirapo nsapato. Chitseko chinatsetsereka. M'nyumba munalowa kuzizira ndi fungo la fodya. Zala zozizira ngati nsomba zinamugwira mkono, ndipo kamutu kaja kanayamba kulira, pang'onopang'ono.

"Bambo ake Yongchol, ndi inu?"

Panalibe yankho. Koma munthuyu ali moyo ankayankha liti? Misozi inatsikira m'makutu a Malsun.

Zinapita choncho mpaka chisanu china chinafika. Usiku uliwonse mlendoyo ankabwera, kupukusa, kutuluka. Malsun anali ndi mawu amodzi okha oti amuuze, opepesa za wotchi ya batire ija. Koma ankaopa kuti akakumba zakale amuthawitsa, ndiye ankangoti ndidzanena mawa. Mawa, mawa, si paja pali mawa padagonetsa munda?

Pa tsiku lokumbukira imfa ya bambo ake, Yongchol anabwera kuchokera ku Seoul. Anayala chakudya cha womwalira pagome, anagwada, anatsegula geti kuti mzimu ulowe, monga mwa mwambo. Akuchotsa mbale anaona mkono wa mayi ake.

"Aa, amayi, mwabwerera ku chakalechi? Ndiye mumavutika nokha ndi zala zimenezi?"

Malsun asanabise mkono, mwanayo anali ataugwira kale. Anapukusa msangamsanga, zachinyamata, mpaka kamutu kanalimba gwa. Anamwetulira, maso ali ndi misozi. Anali mwana wabwino, ndipo n'chimene chimapweteka pa nkhaniyi.

Usiku umenewo nsapato zinafika monga kale. Zala zozizira zinagwira kamutu, zinayesa kupukusa. Kanakana. Zinayesanso. Kenako zinangokhala duu pamkonopo, nthawi yaitali.

"Ndi mwana, sanadziwe," ananong'ona Malsun. "Pepani, bambo ake Yongchol. Za kale zija nazonso pepani. Mubwere mawa, muipeza ikukudikirani."

Dzanja lija linanyamula mkono wake, linaulowetsa m'bulangete, n'kuufunditsa bwino. Chitseko chinatsetsereka. Nsapato zinakwakwaza mpaka kugeti.

Mawa lake sikunabwere munthu. Mkuja wake wotchi inaima.

Amayi osegula nkhono kudoko amainong'onezana nkhaniyi mipeni ili m'manja. Ena amati womwalirayo anaona kuti mkazi wake ali ndi womusamala, ndiye anapita kukapuma. Koma amene ankamudziwa Dokbae amapukusa mitu. Amati bambo uja akaona kuti ntchito yake yagwiridwa ndi wina sankafunsa, ankangobweza dzanja.

Yongchol amati akabwera aipukuse, koma mayi ake amabisa mkono kumbuyo. Opita kunyanja m'mamawa amawaona atakhala pamwala wa nsapato uja, mkono atautambasulira kugeti, wotchi ili chiimire.