Kabokosi pa Bedi la Mwana wa Atelala

Madzulo alionse Atelala ankathira mafuta makina awo osokera, ngakhale kuti panapita miyezi osalandira nsalu ya munthu. Ankawapukuta, kuwapondako pang'ono kuti m'nyumba mumvekeko phokoso, kenako n'kuwaphimba. Chitseko cha kuchipinda kwa mwana wawo chinkakhala chotsegula, bedi loyala bwino ngati mwiniwake wangopita kosewera.

Ana atatu anamwalira pa mzere wa nyumba umenewo, onse matenda amodzimodzi: kutuwa, kamfuno wosaleka, mikwingwirima pathupi popanda wowamenya. Achipatala anati ndi khansa ya m'magazi. Anthu anavomera ndi mutu, koma wina anakumbukira kuti ana onsewo anavala yunifolomu yosokedwa ndi Atelala. Basi nkhani inapsa. Ena anati amasokerera tsitsi la akufa mumpendero, ena anati makina awo amalira okha anthu akagona. Wachitatu kumwalira anali mwana wawo yemwe, mmodzi yekhayo, koma anthu anati mfiti ikapanikizika ku gulu imapereka wake. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Amene ankabwerabe anali alamu awo okha, mchemwali wa malemu amuna awo. Mayi ameneyu ankakondedwa ndi aliyense. Pamatenda ndiye ankachapa zofunda, ndipo ankanunkhira sopo wa mankhwala kulikonse kumene wapita. Kale ndiye ankapezera Atelala ntchito: ankabwera ndi nsalu ndi kachingwe ka mfundo, atamuyesa kale mwana wofuna yunifolomuyo kuti asajombe kusukulu.

Tsiku lina kunabwera bambo wa chikwama chakuda, wochokera ku kafukufuku wa matenda a ana. Anthu anangomutcha Wopima. Iyeyu anakhala pampando wa Atelala osayang'ana kaye pansi pake, ndipo zimenezi zokha zinawabweretsera misozi.

"Mawaya a magetsi amatulutsa mphamvu ya maginito yosaoneka," anafotokoza. "Tikupima kuchuluka kwake m'nyumba za ana amene anadwala, komanso m'nyumba za ana abwinobwino amsinkhu womwewo, kuti tifananize."

"Ndiye ndi mawaya anandiphera mwana?"

"Sitikudziwa, mayi. N'chifukwa chake tikupima."

"Mukapeza, mukawauze anthu panjapa. Mukawauze kuti si ine."

Wopima anaika kabokosi kumutu kwa bedi la mwana, nati kakhale pomwepo mpaka mawa nthawi yomweyo, ndipo m'nyumba muziyaka zimene zinkayaka mwana ali moyo. Atelala anayatsa kanyale ka mwanayo koyamba chimwalirireni. Anakalankhulanso kabokosiko ngati munthu, kukauza dzina la nyimbo imene mwana ankaikonda. Asanagone magetsi anazima dera lonse, ndipo sanayakenso mpaka kunacha.

Mawa lake Wopima anayang'ana manambala nthawi yaitali, akukanda m'mutu.

"Magetsi kunalibe, si choncho?"

"Kunalibe."

"Nanga apa? Kukuyandikira kucha mphamvu yakwera kwambiri, kenako yatsika. M'nyumba ziwiri zija za maliro zachitikanso chimodzimodzi." Analoza manambala ena papepala. "Ndi m'nyumba ya mphunzitsi. Kumeneko mwana ali bwino, tinangoisankha yofananizira."

Kuti atsimikize, anathimitsa magetsi onse pa swichi yaikulu, monga ankachitira nyumba iliyonse, n'kuyamba kuyenda ndi kachipangizo kam'manja chipinda ndi chipinda. Pakhomo ziro. Pamakina ziro. Anakafikitsa pa manja a Atelala, pomwe amagwirira singano, ziro. Atelala anapuma mpweya umene anaugwira kwa miyezi.

Pamenepo fungo la sopo wa mankhwala linalowa, alamu ali pambuyo pake ndi kapu ya tiyi.

"Alendo samwa mphepo, alamu. Mwaiwala ulemu?"

Manambala anayamba kukwera. Alamu atasendera kudzapereka kapu, anakwerabe, mpaka kachipangizo kanalira tswii. Atabwerera pakhomo, anatsika.

"Muli ndi foni m'thumba, mayi?"

"Ine foni? Ndiyimbira ndani, ambuya anga kumanda?" Anaseka alamuwo, maso ali pa Atelala.

Wopima anakagogoda kachipangizoko pachikhatho. Thukuta linali litamera pamphuno pake. Anati kawonongeka, ziwerengero zonse za mzere uno zitayidwa, adzabwera wina ndi katsopano. Tiyi sanamwe.

"Achimwene, mwaona nokha," Atelala anamunong'oneza pakhomo, atamugwira malaya. "Auzeni anthu."

"Ndikalembe kuti chiyani, mayi? Papepala pali mawaya ndi mafiriji. Malo a munthu palibe."

Anapita osacheuka. Atelala anatsala ataima pakhomopo, ndipo anakumbukira tsiku limene alamu anakulunga kachingwe pachifuwa cha mwana wawo, akumuseka kuti wakula ngati nsungwi. Mayi wake ali ndi tepi m'khosi, koma azakhali anati amuyesa okha.

Pobwerera m'nyumba anapeza nsalu yatsopano pamakina, pamwamba pake kachingwe ka mfundo.

"Ndakupezerani ntchito," anatero alamu. "Ya mwana wa mphunzitsi. Ndawauza kuti ndikasoketsa kwina, asadziwe kuti ndi inu. Ndamuyesa kale."

Atelala anathamanga opanda nsapato. Mkazi wa mphunzitsi ankaanula zovala, kamtsikana kake kakumugwirira dengu. Atangowaona anakakokera kumbuyo kwake.

"Anzanga, ndimvereni! Musamulolenso mlamu wanga kumukhudza mwanayu!"

"Mayi amene amatichapira pamatenda? Mulibe manyazi? Yekhayo amakupatsani moni, lero mukumupaka zanu?"

"Wamuyesa kale ndi chingwe!"

"Chokani! Anthuni, ndithandizeni, wandifikira pakhomo!"

Zitseko zinatseguka mzere wonse. Palibe anaponya mwala, anangoyang'ana. Chitseko cha mphunzitsi chisanatsekeke, Atelala anaona kamtsikana kakupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyang'ana kadontho kofiira modabwa.

Anabwerera pang'onopang'ono. Mantha anali nawo, koma chimene chinawapweteka kwambiri chinali chakuti mwa anthu onse amene anaima m'makomo, panalibe ndi mmodzi yemwe woti amuuze. M'nyumba magetsi anali chithimitsire pa swichi, koma kanyale ka mwana kanali kuyaka. Alamu anakhala pabedi lija, makapu awiri ali pambali.

"Akumverani?" anafunsa mofatsa.

Atelala anaima pakhomo la chipindacho.

"Khalani pansi, tiyi akuzizira." Anasuntha kuwapatsa malo. "Mukandithamangitsa ine, alamu, mawa mudzalankhula ndi ndani?"