Kabala ka Pamsana pa a Lawson

Effie ankatsuka makapu kuseri kwa nyumba ya maliro ku Glen Norah pamene anamva amuna akuseka bambo ake, a Lawson.

Panali patangotha masiku khumi bambo akewo atachitidwa opaleshoni ya msana. Kanyama ka pakati pa mafupa kanali katatuluka m'malo mwake n'kumapanikiza mtsempha, moti mwendo wakumanzere unkachita dzanzi. Madokotala sanang'ambe msana ayi. Anangoboola kabowo, n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera, n'kuchotsa mbali ya kanyamako imene inatuluka. M'mawa mwake anawatulutsa, koma anawaletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo kwa masabata asanu ndi limodzi.

Tsono womwalirayo anali mnzawo amene anagwira naye ntchito zaka makumi awiri kumafakitale a ku Workington, ndipo m'sosayite yawo ya maliro bokosi limanyamulidwa ndi anzake a malemu. A Lawson atapepesa kuti sanyamula nawo, amuna aja anati aone bala. Iwo anakweza malaya, pakaoneka kapulasitala kochepa ngati chala.

"Opaleshoni yake ndi imeneyi?" anafunsa a Cornélio, mkulu wina wochokera ku Tete. "Achimwene, apa yakulumani nsikidzi. Taonani yanga ya nthawi ya nkhondo." Anaonetsa chipsera chachitali chodutsa pamimba ponse, anthu n'kusekanso.

Effie anaponya kapu m'beseni n'kupita pomwepo, manja ali thovu lokhalokha.

"Inu ndinu madokotala kapena?" anatero mokweza. "Mwezi wathawu bambo ankakwawa popita kuchimbudzi, panalibe ndi mmodzi yemwe wa inu amene anabwera kudzawadzutsa. Lero ndiye mwadziwa kuyeza mabala?"

Ngakhale amayi amene ankaimba m'nyumba anatsitsa mawu. A Lawson anatsitsa malaya awo pang'onopang'ono, osamuyang'ana mwana wawo.

"Bwerera kumakapu," anatero. Kenako anatembenukira kwa anzawo. "Mundisiyire chogwirira chakutsogolo. Ndinyamula."

Effie anabwerera kubeseni. Zonse zimene ananena zinali zoona, nanga bwanji zinangoipitsa zinthu? Amayi ake anali kuntchito, ndipo lole yopita kumanda inali itafika kale pageti. Dokotala anali atanena momveka kuti kanyama kotsalako kakatulukanso, mwendo ukhoza kufooka osabwereranso.

Effie anaona a Cornélio akupita okha kukasamba m'manja. Mtima wake sunkafuna n'komwe, komabe anatenga jagi ya madzi, n'kugwada, n'kuyamba kuwathirira.

"Pepani bambo, ndalankhula mwachipongwe."

"Pakamwa pako pali moto, iwe mwana."

"Ndikudziwa. Koma bambo, kabowo kaja n'kakang'ono kunja kokha. Kapaipi kanalowa mpaka pafupa, pambali penipeni pa mtsempha woyendetsa mwendo. M'katimo simunapole. Ine sangandimverenso, ndawachititsa manyazi. Inu akhoza kukumverani."

A Cornélio anasiya kusamba, madzi akungodontha m'zala. Patapita kanthawi anakweza malaya n'kuloza kachipsera kena kam'nthiti, kozungulira ngati batani.

"Chachitali chija anandicheka ndi madokotala," anatero motsitsa. "Chimene chinatsala pang'ono kundipha chinalowera apa."

Bokosi litafika pakhomo, a Lawson anawerama kuti agwire chogwirira, koma anapeza dzanja la a Cornélio lili kale pamenepo.

"Choka apa, Lawson. Mnzathuyu ndinamudziwa ndine iwe usanamere ndevu. Iwe tsogola, uyambitse nyimbo. Mawu anga ndi a khwangwala."

A Lawson anafuna kutsutsa, koma amuna enawo anali atanyamula kale bokosi. Anaweramuka mosamala, n'kutsogola, n'kuyambitsa nyimbo.

Pochokera kumanda a Lawson sanamulankhule Effie m'minibasi monse. Iye anakhala kumpando wakumbuyo atatupa, akudzifunsa chifukwa chake wopepesa anali iye pamene oseka anali ena. Atatsika, bambo ake anaima m'mbali mwa msewu, anzawo onse akuona, n'kumupatsa chikwama chawo cha mabuku a nyimbo.

"Tenga," anatero. "Chikundilemera."