Kabokosi Kuseri kwa Mabelo

Vailet anatseka ofesi ya koparetivi naini koloko itadutsa kale, ndipo chitseko anachimenyetsa ngati ndicho chinamulakwira. Mlonda, a Lameki, anali atakhala pa jeke yodindira fodya atafunda bulangeti. Atamufunsa ngati zatheka, iye anangopukusa mutu. Anawauza kuti bandulo ya intaneti yamuthera, ndiye akuthamangira kunyumba kumene anasiya simu khadi ina, akakoke pa intaneti chimene chikusowacho, abweranso tambala asanalire. A Lameki anamulangiza kuti adzere kumsewu, njira yakumanda ija aisiye. Vailet anaseka. Munthu woti anaphunzira zamakompyuta zaka zinayi ku Blantyre, azizungulira makilomita atatu chifukwa cha manda? Anapachika chikwama cha laputopu kumsana n'kulowa njira yachidule yomweyo.

Vuto lake linali ili. Koparetivi ya alimi a fodya imeneyi, chakufupi ndi Lisasadzi, inali ndi sisitimu yake pa kompyuta yaikulu ya mu ofesi imene ankaitcha seva. Belo likadindidwa, ankalowetsamo dzina la mlimi, kulemera kwa belo ndi giledi yake, kenako pulinta n'kutulutsa tikiti yosokerera pachiguduli. Belo lopanda tikiti silikwera lole, ngakhale mwini wake atalira chotani. Tsono lole inali kubwera faifi koloko m'mawa kudzatenga mabelo 140, ndipo ikanabwerera yopanda kanthu, mwayi wina unali pakatha masabata atatu. Amene analimapo fodya akudziwa chimene masabata atatu amachita ndi belo lodinda kale.

Chimene chinkamudya mtima Vailet n'chakuti mlanduwo ankauona kuti ndi wake. Anali atangotha miyezi iwiri pantchitoyo, ndipo m'mawa wa tsikulo, ndi changu chija cha wantchito watsopano, anaikamo zatsopano mu seva kuti iziyenda mwachangu. Pofika masana sisitimu inangoti zii. Pagalasi panatuluka mawu ofiira achingerezi onena kuti draiva walephera kulumikizana ndi databesi. Databesi ndiyo nkhokwe ya mayina onse ndi mabelo onse, ndipo draiva ndi kapulogalamu kamene kamanyamula mafunso kupita kunkhokweko n'kubwera ndi mayankho. Vailet anachotsa draiva watsopano n'kubwezeretsa wakale. Zinakana. Anakoka wina pa intaneti, kenako winanso. Anasintha pasiwedi, anazimitsa seva n'kuyatsanso kasanu ndi kawiri, koma mawu ofiira aja ali pompo. Tcheyamani wa koparetivi, a Tsoka, anaima kumbuyo kwake mpaka dzuwa kulowa, akumupumira m'khosi, n'kumafunsa ngati sizingathandize kuimenya pang'ono m'mbali monga amachitira ndi wailesi yawo.

Kunja kunkazizira ngati mwezi wa June umene. Njira inadutsa m'minda yokolola kale, mapesi a fodya ali njo opanda tsamba, ndi zigafa zopanda kanthu uku ndi uku. Vailet ankayenda akudzilankhulira, kutchula manambala a madraiva amene anali asanayese. Agalu ankauwa kumudzi wa kutsidya, ndipo kwinakwake wina anali atasiya wailesi yosazimitsa.

Atayandikira mitengo yakumanda, foni yake inalira kawiri n'kuzima. Tochi nayo basi.

Anati palibe kanthu, mwezi ulipo. Anayamba kuimba kanyimbo ka kwaya, koma mawu ake anamveka ngati a munthu wina, ndiye anasiya. Apa m'pamene anazindikira kuti agalu aja aleka kuuwa. Wailesi ija nayo yaleka. Ngakhale nkhululu zinali chete. Zaka zinayi za ku Blantyre zija zinayamba kuchepa mphamvu.

Anawonjezera liwiro. Manda kumanzere. Kutsogolo kamlatho ka matabwa. Ndipo pakamlathopo...

Panali munthu!

Anali atakhala m'mphepete, miyendo ikulendewera kumadzi, akukulunga chingwe cha buluu pachigongono. Malaya oyera, mabolopeni atatu m'thumba, njinga itatsamira pambali. Tsitsi la Vailet linaima. Kubwerera, kutali. Kudutsa, pafupi ndi iye. Anapereka moni mwaulemu wonse umene anaphunzira chibadwire.

“Mwachedwatu, achemwali,” anatero munthuyo osatembenuka. “Draiva uja mwamuzunza tsiku lonse, chonsecho alibe mlandu.”

Vailet anaima. Anadziuza kuti ameneyu ndi mlimi amene wamva nkhani kwa a Tsoka. Koma ndi mlimi uti amakulunga chingwe cha netiweki, cholumikizira makompyuta, mwaluso chonchija? Munthuyo anaimirira, natenga njinga yake n'kuyamba kuyenda pambali pake. Matabwa a mlathowo amalira ngakhale mbuzi ikadutsa. Koma usikuwo analira pansi pa mapazi a Vailet okha.

“Mukatuma mwana kunyumba ya munthu, iye n'kukapeza kotseka, mumakwapula mwanayo?”

Vailet anayankha kuti ayi, bambo. Mawu anatuluka opyapyala ngati ulusi. Munthuyo anaseka kaphwete kabwinobwino, ka munthu wokonda ntchito yake, kenako anamufunsa keyala ya seva ya mu ofesi, manambala aja amene kompyuta iliyonse imadziwika nawo, makamaka nambala yake yomaliza. Vailet anati faifi. Anamufunsanso keyala imene inalembedwa mu fayilo imene imauza draiva kopita. Vailet anali ataiyang'ana fayiloyo tsiku lathunthu, moti anaiona m'maso ngakhale mumdimamo. Nambala yomaliza inali... seveni.

Seveni! Osati faifi!

“Nanga seveniyo ali kuti?” anafunsa munthuyo.

Mantha anayamba kulimbana ndi manyazi, ndipo kunena zoona manyazi ndi amene ankapambana. Tsiku lonse iye ankaganiza kuti databesi ili mu seva momwemo. Sanaganizeko kuti pangakhale kompyuta ina. Nanga akanadziwa bwanji? Atafika pantchito sanapeze pepala ngakhale limodzi lofotokoza mmene zinthu zinalumikizidwira. Ankati afunse, koma anaona chinthu chimene chinamutseka pakamwa. Iye akapuma, nthunzi inkatuluka chifukwa cha kuzizira. Mnzakeyo ayi. Ndipo thalauzi lake linali lonyowa mpaka m'chiuno, madzi akudontha, chonsecho mvula inaleka mu April.

“Kachipinda ka kuseri, pansi pa windo. Zaka zonsezi sanadandaulepo, lero amuzula.” Munthuyo anapitiriza motsitsa mawu. “Mlandu ndi wanga. Ndinati ndidzalemba zonse Lachitatu. Inu mukalembe, achemwali. Musachite ngati ine.”

Vailet anacheuka kuyang'ana kumene kunali ofesi. Kamphindi chabe. Atatembenukanso...

Palibe munthu. Palibe njinga. Pamchenga panali mapazi a munthu mmodzi, ake omwe.

Mayo! Liwiro limene anathamanga mwana wamkazi uja pobwerera ku ofesi linali la mtondo wadooka. Manda anawadutsa osawaona. Nsapato imodzi inatsala m'munda wa eni, iye osaibwerera. Agalu anayambanso kuuwa onse pamodzi ngati wina wawatsegulira.

A Lameki anatsala pang'ono kumuphwanya ndi chibonga atatulukira pakona ya chigafa. Atamuzindikira, anamufunsa ngati simu khadi ija yayamba kuthamangitsa anthu. Vailet, akupumira m'mwamba, anangopempha kiyi wa kachipinda ka kuseri. A Lameki anamuuza kuti mmenemo mulibe chake, ndi mabelo okhaokha mpaka kudenga. Chaka chino fodya anachita bwino moti chigafa chinadzaza, ndiye masana a tsikulo a Tsoka analamula kuti otsalawo alowe m'kachipindako. Ndipo poti fodya wouma ndi magetsi sizigonera limodzi, analamulanso kuti chilichonse cha pasoketi chizulidwe mabelo asanalowe. Vailet anafunsa amene anazula.

“Ndinazula ndine,” anatero a Lameki monyadira. “Mpaka a tcheyamani anandiyamikira.”

Anafotokoza kuti chinali chingwe cha kabokosi kena kakale kamene kankangong'ung'udza pansi pa windo, kopanda galasi, kopanda ntchito. Iwo ankati mwina ndi wailesi yakufa. Vailet sanadziwe kuti alire kapena aseke.

Belo la fodya si pilo. Awiriwo analimbana ndi loyamba mpaka thukuta kamukamu, belo osasuntha. Mwamwayi, pakhonde la chigafa panagona mayi Malita, mlimi amene sankalola kuti mabelo ake asanu ndi limodzi agone okha. Atadzutsidwa n'kumva kuti matikiti ali kuseri kwa mabelowo, sanafunse zambiri. Anamanga chitenje m'chiuno, nauza a Lameki kuti agwire tochi poti ndiyo ntchito yowayenera. Iwo ndi Vailet anagubuduza mabelo asanu ndi awiri kutulutsa panja, mayi Malita akutukwana belo lililonse potchula dzina la mwini wake.

Pansi pa windo panalidi kabokosi. Kakuda, kafumbi, kosaposa sutikesi ya mwana wasukulu, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka chingwe cha buluu cholowera m'khoma la ofesi. Vailet anachiyang'ana chingwecho nthawi yaitali. Anaonetsetsa kuti palibe tsamba la fodya pafupi, chifukwa pa nkhani ya moto a Tsoka sanalakwe. Kenako analowetsa pulagi n'kudina batani.

Chete.

Anadinanso. Kabokosi kanatsokomola, kanang'ung'udza, ndipo kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira.

Anathamangira mu ofesi ndi nsapato imodzi ija. Anabwezeretsa draiva amene anamupeza poyamba, wosalakwa uja, n'kuyatsanso sisitimu. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, mtima wake uli m'malere. Kenako mayina anatsika pagalasi, mlimi ndi mabelo ake, onse 140, popanda liwu limodzi lofiira. Mayi Malita ataona dzina lawo anaimba nthungululu imene inadzutsa mudzi. Pulinta inalira mpaka cha m'ma folo koloko, alimi akubwera ndi zingano zawo kudzasokerera matikiti pa kuwala kwa tochi. Lole itafika inapeza mabelo ali pamzere. A Tsoka, amene anafika atavala jekete pamwamba pa zogonera, ankauza aliyense kuti iwo anadziwa kale kuti mtsikanayu ndi katswiri.

Lole itanyamuka, kunja kukuyera, Vailet anabwerera m'kachipinda muja ndi kansanza kuti apukute kabokosi kaja. A Lameki anamutsatira. Anamufunsa kuti kodi wamuuza ndani za kabokosiko, popeza anachoka akuti akukatenga simu khadi ndipo anabwera wopanda simu khadi ndi nsapato yomwe. Tsopano poti kunali kutacha, Vailet analimba mtima n'kufotokoza. Anatchula malaya oyera, mabolopeni atatu, njinga, ndi chingwe cha buluu pachigongono. Atatchula thalauzi lonyowa, a Lameki anakhala pa belo.

Kansanza kanachotsa fumbi la pamwamba pa kabokosi, ndipo panaoneka mawu olembedwa ndi inki yakuda: “Musazule. Ndidzalemba zonse Lachitatu. C. Kalekeni.”

A Lameki anavula chipewa.

“A Cornelius Kalekeni,” anatero. “Ndi amene anatiikira makinawa. Munthu wansangala, sankadutsa munthu osamuseketsa. Anamaliza kulumikiza Loweruka lina mu February, mvula ikugwa, nati abweranso Lachitatu. Ndinawauza kuti adzere kumsewu, monga ndinakuuzirani inu. Mtsinje unali utadzaza. Tinawapeza Lamulungu, kumunsi kwa kamlatho kaja. Agona m'manda omwe aja, chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri.”

Vailet nayenso anakhala pansi. Chimene chinamugwira sanali mantha okha ayi, chinalinso chisoni. Anaganiza za munthu woti wakhala pamlatho zaka zonsezo, akudikira wina womva manambala kuti amutulire ntchito imene sanamalize. Kabokosi kaja kankangong'ung'udza pakati pawo.

Patapita nthawi anafunsa a Lameki kuti kodi lero ndi lachingati. Iwo anawerenga pa zala, kenako anamuyang'ana.

“Lachitatu, mayi.”

Vailet sanapite kukagona. Anatenga kope latsopano mu kabati ya ofesi, nakhala pafupi ndi kabokosi kaja, n'kuyamba kulemba pa tsamba loyamba: “Databesi ili mu kompyuta ya seveni, m'kachipinda ka kuseri, pansi pa windo. Anaiika ndi a Cornelius Kalekeni.”