Dothi la M'phazi

Greyson wa ku Chiosya ankapalasa kabaza pa boma la Mchinji. Njinga inali ya eni, zake zinali miyendo basi. Akasowa wokwera ankakhala pakhonde la golosale ya a Amin n'kumayang'ana khoma lodzaza zithunzi za akatswiri: wankhonya atakoleka malamba atatu, mtsikana wa mpira wamanja wosewera kunja, wampira wamiyendo atatsamira galimoto, wothamanga mendulo zili mbwee m'khosi.

"Awa miyendo ndi iwiri, inenso iwiri," ankadandaula Greyson.

"Iwo amadzukira kothamanga," a Amin ankatero, "iwe umadzukira khoma langa."

Tsiku lina masana Greyson anapalasa ulendo wa ku Kachebere, kumalire ndi Zambia, kwa sing'anga wotchedwa Goliati, kamdala kakafupi ngati mtondo.

"Masewera ati?" anafunsa a Goliati akuswa mtedza, osatukula mutu. "Nkhonya ndimatenga manja. Kuthamanga ndi miyendo."

"Yangayi?"

"Ndikatenga yanu muthamangira chiyani? Ya abale anu. Mpikisano waukulu ukayandikira, mutape dothi pamene waponda m'bale wanu wamagazi, muthire m'kathumba aka, mumange m'chiuno. Mphamvu zake zikhala zanu. Koma phazi likhale lopanda nsapato. Nsapato imadziwa mwini wake."

"Nanga m'baleyo?"

"Apumula," anatero a Goliati. "Chinanso, kathumbaka kakazolowera kudya sikasala. Mukapanda kukadyetsa, kadya inuyo."

Greyson anaganiza za mayi ake. Ndi okalamba kale, anadziuza, miyendo akupita nayo kuti? Anatapa dothi la phazi lawo.

Mpikisano wa mtunda wautali ku Lilongwe anapambana mpaka anzake kumukayikira kuti wakwera kabaza panjira. Ola lomwelo mayi ake anagwa m'munda wa mtedza, osadzukanso. Kuchipatala matenda sanawapeze. Greyson anawagulira njinga ya olumala, anthu n'kumati mwana ndi ameneyu.

Kenako anatapa phazi la mlongo wake Tabeth, akuchokera kumjigo, n'kukapambana ku Lusaka. Nyumba yamalata inamangidwa, galimoto inabwera, chithunzi chake chinakwera pakhoma la a Amin. Pakhonde la nyumbayo panali njinga ziwiri za olumala zoyang'ana kumsewu, ndipo odutsa ankatsitsa mawu.

Pofuna kutseka anthu pakamwa, Greyson anayamba kupatsa. Anam'patsa mng'ono wake Lovemore nsapato zake zakale, zomwe anapambanira ku Lilongwe zija. Apa ndi pamene anadzitchera yekha. Utabwera mpikisano waukulu wa kutsidya kwa nyanja, m'bale woyenda anatsala Lovemore yekha, ndipo Lovemore sankavula nsapato ngakhale popita kubafa.

"Iwe, vula mapazi apitidwe mphepo."

"Achimwene, ndayenda pansi zaka makumi awiri. Izi adzandivula osambitsa maliro."

Kathumba kanayamba kutentha m'chiuno ngati khala. Mawondo a Greyson ankanjenjemera okha akakhala pansi. M'mawa wa tsiku lonyamuka kunagwa mvula, Lovemore anadutsa pabwalo n'kusiya chidindo cha nsapato m'matope. Greyson anayang'ana uku ndi uku.

"Nsapato ndi zake tsopano, ndinam'patsa ndekha," anatero akutapa.

Anthu anadzaza m'golosale ya a Amin kuonera pa kanema. Greyson anali patsogolo, mzere womalizira ukuoneka. Mwadzidzidzi miyendo inapindika ngati matumba onyowa. Anayesa kudzuka, anagwa. Dziko lonse linamuona akukwawa ndi zigongono, anzake akumudumpha. Nthawi imeneyo Lovemore anali kudimba, akulima bwinobwino.

Greyson atabwerera, anthu anachita kumunyamula kupita ku Kachebere.

"Ndinati chiyani ine?" anafunsa a Goliati. "Nsapato imatsata amene anayamba kuithira thukuta."

"Bwezani, agogo. Tengani galimoto, tengani nyumba."

"Galimoto ndiyendetse ndi miyendo yanga yaifupiyi? Kathumba kadya, ndipo sikasanza."

Lero pakhonde paja pali njinga zitatu. Amazikankha ndi Lovemore, atavala nsapato zomwe zija. Greyson salankhulanso zomveka, koma munthu akadutsa wopanda nsapato amadzigwetsa pansi n'kumakanda dothi ndi zikhadabo, akulira. A Amin anachotsa chithunzi chake, pamalopo anakhomapo kalendala.

Greyson anali ndi miyendo yabwino, yomwe akanaiphunzitsa ikanam'fikitsa patali. Dyera linamuuza kuti ya abale ake njotchipa. Wofuna ulemerero wa msangamsanga adziwe kuti chithumwa sichikhuta: chikatha abale, chimatembenukira mwini.